ZINYALALA ZA M'TAUNI NDI MVULA YA MASIKU ANO

(Mawu amene mmodzi wa ophunzira akale okhala ku Blantyre anayankhula pamsonkhano wa pachaka wa bungwe lathu kuno kwa Mkhumba)

 A komiti anandipempha kuti ndikambe za kusintha kwa nyengo ndi kasamalidwe ka zinyalala mumzinda waukulu. Mwina wina afunsa kuti nkhani ya m'tauni ikudzatani kuno kumudzi. Yankho lake ndi lakuti ambiri mwa ife amene tinaphunzira pasukulu ino tikukhala ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilobwe ndi ku Machinjiri, ndipo mvula imene imagwetsa nyumba kumeneko ndi yomweyo imene imakokolola minda ya makolo athu kuno.

Anthu a ku Phalombe sitichita kuuzidwa za ukali wa madzi. M'mwezi wa Malichi 1991 napolo anatsika m'phiri la Michesi ndi miyala, mitengo ndi matope, ndipo anthu mazanamazana anataya miyoyo. Ngoziyo ndi imene inachititsa kuti m'chaka chomwecho boma likhazikitse lamulo loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Nthawi imeneyo ambiri tinkaganiza kuti napolo ndi wa kumapiri a kwathu kuno basi. Koma m'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mvula yoposa mamilimita 1,000 kwa Nkhulambe m'masiku anayi okha, ndipo sabata yomweyo matope anatsika m'phiri la Soche ndi kukwirira nyumba ku Chilobwe, mkati mwa mzinda wa Blantyre. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa, ndipo oposa theka la miliyoni anasowa pokhala.

Akatswiri amafotokoza chifukwa chake motere. Utsi wochokera ku malasha, petulo ndi dizilo umakhala ngati bulangete lofunditsa dziko lapansi, choncho kutentha kumakwera. Madzi a m'nyanja yamchere ya India akatentha, nthunzi yambiri imakwera kumwamba, ndipo namondwe akabwera amanyamula mvula yochuluka kuposa kale. Gawo la Malawi pa utsi umenewu ndi lochepa kwambiri poyerekeza ndi maiko a mafakitale, ndiye sitingathe kuletsa namondwe patokha. Chimene chili m'manja mwathu ndi njira imene madziwo adzadutse akagwa pansi, ndipo apa ndi pamene zinyalala zikulowera.

Pa kalembera wa 2018 mzinda wa Blantyre unali ndi anthu pafupifupi 800,000. Aliyense wa anthu amenewa amataya kanthu tsiku lililonse. Magalimoto a khonsolo amanyamula zinyalala kupita nazo kumtaya wa ku Mzedi, koma m'madera ambiri mmene anthu adapanikizana galimoto silifika pakhomo. Kumeneko zinyalala zimathera m'ngalande, kuseri kwa msika, kapena m'mitsinje ya Mudi, Nasolo ndi Naperi. M'chilimwe zimangonunkha, anthu n'kumadutsa atagwira mphuno. Mvula yoyamba ikagwa, majumbo ndi mabotolo amatseka makalavati, madzi amasefukira mumsewu ndi kulowa m'nyumba ndi m'zimbudzi, kenaka m'zitsime. Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa. Tikatseka khwawa ndi zinyalala, madziwo amadzipangira njira kudzera pabalaza pathu. Tisaiwalenso kuti kolera ya mu 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Blantyre inali m'gulu la madera amene anavutika koposa.

Ndinene chilungamo, amayi ndi abambo: matope a ku Soche sanatsike chifukwa cha majumbo. Anatsika chifukwa mvula inali yoopsa, phiri linali litametedwa mitengo, ndipo anthu osowa malo anali atamanga m'malo otsetsereka. Koma kumeta phiri kumenekonso kuli ndi dzanja lathu. Ife a m'tauni ndi amene timagula thumba la makala mwezi ndi mwezi, ndiponso ndi amene timafuna njerwa zootcha ndi nkhuni. Phiri la Ndirande linali ndi nkhalango, lero ndi miyala ndi minda. Munthu amene amadula mtengo m'nkhalango ya Michesi kapena ya Mulanje amatero chifukwa akudziwa kuti wogula alipo, ndipo kawirikawiri wogulayo ndi munthu wophunzira, wolandira malipiro.

Tsopano ndifike pa mfundo yanga yeniyeni. Mukatsanula ndowa ya zinyalala ya banja la m'tauni, mupezamo chiyani? Zochuluka ndi makoko a nthochi ndi mbatata, masamba ofota, mkute, zitsononkho ndi phulusa. Kuno kwa Mkhumba zinthu zimenezi sitizitcha zinyalala ayi. Mkute ndi wa nkhuku, makoko ndi a mbuzi ndi nkhumba, zotsala zimapita m'dzenje ndi kusanduka manyowa. Amayi athu ankapita kumsika wa ku Migowi ndi dengu, n'kubwera nalo dengu lomwelo. Nzeru zonsezi tinakula nazo, koma zikuoneka ngati tinazisiya padepoti tsiku limene tinakwera basi ya ku Limbe. Tikafika m'tauni timasakaniza zowola ndi mapulasitiki m'thumba limodzi, ndiye zonse zimasanduka zopanda ntchito. Zowolazo zikaunjikana pamtaya popanda mpweya zimatulutsa mpweya wa methane, umene umatenthetsa dziko kuposa utsi wamba. Nthawi yomweyo mbale wathu kuno akulephera kugula thumba la feteleza. Kodi si zodabwitsa kuti tikutaya ku Mzedi chinthu chimene munda wa kwathu ukulira?

Kupanga manyowa sikufuna digiri. Mumakumba dzenje kapena kuunjika mulu pamthunzi, kuyala zouma pansi, zaziwisi pamwamba, kuwaza phulusa ndi ndowe pang'ono, kuthira madzi kuti panyowe, ndi kumatembenuza pakapita masabata angapo. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu muli ndi dothi lakuda lopanda fungo. Alangizi a zaulimi amaphunzitsanso manyowa a Mbeya, osakaniza madeya, phulusa, ndowe ndi feteleza wochepa, amene amapsa m'masiku 21. Ngakhale wokhala m'nyumba ya lendi angathe kudzala mpiru ndi tomato m'matumba akale a simenti.

Za majumbo, malamulo alipo. Mu 2015 boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60, ndipo mu 2019 khoti lalikulu la apilo linagamula kuti chiletsocho ndi chovomerezeka, ngakhale nkhaniyi inabwereranso kukhoti kangapo. Mu Novembala 2020 boma linakhazikitsanso tsiku loyeretsa dziko, Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse. Anzathu a ku Rwanda analetsa majumbo mu 2008, ndipo Loweruka lomaliza la mwezi anthu amatuluka kukagwira ntchito yachitukuko m'madera mwawo. Mzinda wa Kigali umatchuka ndi ukhondo chifukwa anthu ake anazolowera kuchita zimene lamulo likunena. Kwa ife lamulo silingalowe m'khitchini mwanu kukakulandani jumbo. Wogulitsa tomato adzasiya kupereka jumbo tsiku limene ogula adzayamba kufika ndi madengu.

Choncho ndikupempha bungwe lathu kuti tigwirizane pa zinthu zinayi. Choyamba, membala aliyense wa m'tauni akhale ndi ndowa ziwiri pakhomo, ina ya zowola, ina ya zosawola, ndipo popita kumsika atenge dengu kapena chikwama cha nsalu. Chachiwiri, mvula isanayambe mu Novembala, nthambi zathu za ku Blantyre zikumane ndi mafumu ndi makhansala a m'madera mwawo ndi kulambula ngalande za pafupi ndi nyumba zawo. Chachitatu, tichepetse makala pogwiritsa ntchito mbaula zosawononga nkhuni monga ya Chitetezo, ndipo amene angakwanitse aphikire gasi kapena magetsi. Chachinayi, pa zopereka zathu za chaka chino tipatule ndalama zokumbira maenje a manyowa ndi kukhazikitsa nazale ya mitengo pasukulu ino, kuti nyengo yodzala mitengo ikayamba mu Disembala ana akhale ndi mbande zawozawo, ndipo kalasi iliyonse isamale mitengo yake kufikira itakula.

A Wapampando, ndikupempha kuti mlembi alembe mfundo zinayizi m'buku la bungwe, ndipo pamsonkhano wa chaka chamawa nthambi iliyonse idzatiuze ngalande zimene yalambula ndi mitengo imene yapulumuka. Amene tinaika m'manda abale athu mu 1991 ndi mu 2023 tikudziwa bwino mtengo wake wa kudikira.