Wailesi Yonamiza Ndege

Woyendetsa galimoto amene afunafuna nyumba ku Kabulonga usiku, kumene malinga onse afanana, angoyang'ana lamya yace ya m'manja ndipo imlozera njira. Lamyayo imamvera masetilaiti a GPS, amene ayenda m'mwamba pa mtunda wa mamailosi oposa 12,000. Pofika pansi pano mau ao amakhala ofoka ngati kunong'ona, ndipo pa nkhondo adani amapezerapo mwai.

Ena amaika wailesi yaphokoso yogonthetsa makina kuti asamve kanthu. Ena, ocenjera koposa, amatumiza mau onama ofanana ndi a setilaiti: woyendetsa ndege ayesa kuti ali pa njira, cikhalireco alinkulunjika kuphiri. Mu July 2024 Boma la Congo linaneneza ankhondo a Rwanda ndi a M23 kuti anacita zonse ziwirizi pafupi ndi Goma, kumene kunalinso asilikari a Malawi, Tanzania ndi South Africa. Ndege zonyamula mankhwala ndi cakudya zinali pa ngozi imodzimodzi ndi ndege zankhondo.

Nanga wonamayo agwidwa bwanji? Mau oona amacokera ku mbali zambiri za thambo, koma onama amacokera pa malo amodzi, pansi, ndipo kawirikawiri amamveka mwamphamvu kopitirira. Nthawi zina koloko ya makina imalumpha. Tsono akatswiri amaimika milongoti yomvera pa malo awiri kapena atatu otalikirana, uli wonse nuloza kumene kucokera mauwo. Akalemba mizere pa mapu, pamene mizereyo ipingasana ndi pomwe pabisala wailesiyo. Cifukwa cace eni ace ocenjera saiyatsa nthawi yaitali: amaizimitsa msanga, naisamutsa pa lole.