Cifukwa Cace Cimanga Cimagwa Cisanakololedwe

 Madzulo ano tikambe za phesi la cimanga, pakuti phesi ndilo limasenza cakudya cathu kufikira tsiku lokolola. Likagwa, ciswe ndi makoswe amayamba kudya ife tisanalawe.

Adani a phesi alipo awiri. Woyamba ndi kuthithikana. Ambiri amaponya mbeu zinai kapena zisanu paphando limodzi, nayesa kuti adzadzaza nkhokwe. Koma cimanga cothithikana cimalimbirana dzuwa. Cimatalika msanga, phesi lace nkukhala loonda ndi la khungu lofewa. Mphepo ya m'Marici ikaomba, cimathyoka. Kutsidya kwa malire, m'Malawi, alangizi amaphunzitsa kubzala mbeu imodzi paphando, mapando otalikirana masentimita 25, pa mizere yotalikirana masentimita 75. Potero mumakhala mapesi pafupifupi 53,000 pa hekitala, ndipo lililonse liri ndi malo ace.

Mdani waciwiri ndiye kapuci. Mphutsi imeneyi imayamba kudya masamba anthete a kunsonga, kenaka imaboola phesi ndi kudya m'kati mwace. Kunja cimanga cioneka camoyo, koma m'kati muli mphako. Kuyambira caka ca 2016 inafikanso mbozi ina yocokera ku America, imene imaononga kunsonga komweko.

Akatswiri a maiko ena anapanga mbeu yochedwa Bt, imene mphutsi ikadya imafa. Ku South Africa anayamba kuilima mu 1998. Boma la Zambia, m'nthawi ya Pulezidenti Levy Mwanawasa, linakana cimanga ca mtundu wotere mu 2002, ngakhale kunali njala. Koma dziwani ici: mbeu yotereyi imaletsa mphutsi cabe, siinenepetsa phesi limene laonda cifukwa ca kuthithikana. Ngakhale kumene amailima, mlimi wopanikiza mbeu amaonabe cimanga cace ciri gone.

Cotero nchito iri m'manja mwanu. Yezani mapando ndi kamtengo pobzala. Zikamera zambiri, patulirani zikali zazing'ono. Yenderani munda m'mamawa, muyang'ane timabowo pamasamba, ndipo mukationa fulumirani kwa mlangizi. Mukatha kukolola, musasiye mapesi ali ciriri, pakuti kapuci amagona m'menemo cirimwe conse kudikira mvula. Agwetseni pansi kuti dzuwa limuoche, kapena apatseni ng'ombe.