Tidziŵe Amene Tikulankhula Naye

Tonse tikukumbukira za Isaki atakalamba, maso atachita khungu. Yakobe adavala zikopa za mbuzi m'manja ndi m'khosi, nadzitcha Esau. Nkhalamba ija idakayika pomva mawu, koma itakhudza ubweya idakhulupirira, ndipo madalitso adapita kwa wina.

Pa lamya ndi pa intaneti ifenso tili ngati Isaki: mawu timawamva, nkhope sitiiona. N'chifukwa chake m'chaka cha 2017 boma lidalemba nzika kuti zilandire chiphaso cha unzika, ndipo mu 2018 lidalamula kuti nambala za lamya zilembetsedwe m'dzina la eni ake. Banki ikatitumizira nambala yachinsinsi ya kanthaŵi kochepa, imafuna kutsimikiza kuti wogwira lamyayo ndi mwini ndalama. Tisanyinyirike nazo, pakuti zikutchinjiriza thukuta lathu.

Komatu mbala nazonso zavala zikopa. Zimaimba lamya n'kumati ndi antchito a kampani, n'kupempha nambala yachinsinsi ija. Wantchito weniweni saipempha. Wina akati watitumizira ndalama molakwitsa, tiyambe taona ngati zaloŵadi tisanabweze. Wina akati mwana wathu ali m'chipatala, tidule, tiimbire mwanayo pa nambala yomwe tikuidziŵa.

Inu akatekisiti, zimenezi kazifotokozereni agogo athu m'miphakati, poti ndiwo amene mbala zimaŵalonda. Isaki adakayika, koma sadadikire kuti Esau abwere kuchokera kuuzimba. Ife tikakayika tidikire, tifunse. Pajatu kuona maso a nkhono n'kudekha.