Chancy Chitete anagwera ku Beni

 Tisanalowe m'nkhani ya zopereka, ndikupempha kuti titchule dzina la mwana wa kwathu, Chancy Chitete, amene anatisiya mu Novembala 2018 m'nkhalango za kufupi ndi Beni, kum'mawa kwa Congo.

Pa udindo anali Private, wapansi penipeni pa usilikali, koma tsiku limenelo ndi iye anatsogola. Asilikali athu ndi a ku Tanzania, pansi pa gulu losungitsa mtendere la MONUSCO, anapita kukathamangitsa zigawenga za ADF zimene zinkapha anthu m'midzi. Inali nthawi imene Ebola inavuta m'deralo, azaumoyo akulephera kufikira odwala chifukwa cha mfuti. Nkhondo itafika povuta, Corporal Ali Khamis Omary wa ku Tanzania anawomberedwa n'kugwa pamtetete. Chitete anachoka pamene anabisala, n'kumukokera mnzakeyo pamalo otetezeka. Ali mkati momupatsa thandizo, chipolopolo chinamupeza Chitete. Omary anapulumuka. Chitete ndi anzake ena a ku Malawi anabwerera kwawo ali m'mabokosi.

Mu Meyi 2019, ku New York, mkulu wa bungwe la United Nations, António Guterres, anapereka kwa mayi wamasiye wa Chitete mendulo yotchedwa dzina la Captain Mbaye Diagne, msilikali wa ku Senegal amene anapulumutsa anthu ambiri ku Rwanda mu 1994. Kupatula banja la Diagne, panalibe amene anali atailandirapo. Ulemu ndi waukulu, ndipo ndimanyada nawo. Koma amayi muli panowa mukudziwa kuti anthu okhuza maliro akabalalika, wamasiye amatsala yekha ndi fizi ya ana ndi mtengo wa feteleza.

Kufera kutali ife a kuno ku Joni timakudziwa. Tasonkherapo kangati kuti thupi la mnzathu lidutse pa Beitbridge ndi pa Mwanza, likagone pafupi ndi makolo ake? Chitete anafera munthu wa dziko lina, amene sanali mbale wake. Ife tikukhala pakati pa eni dziko amene nthawi zina amatiyang'ana ndi diso lofiira, komabe mu Januwale 2025, zigawenga za M23 zitayandikira mzinda wa Goma ku Congo komweko, Amalawi atatu anafa pa nkhondo yomweyo imene inatenga asilikali 14 a South Africa. Panapita masabata matupi awo asanafike kwawo. Maliro n'kulirana, ndipo amenewo tinalira ndi eni dziko lino.

Pempho langa ndi ili, a Tcheyamani. M'buku lathu la chipepeso titsegule tsamba la mabanja a asilikali amene anafera ku Congo, ndipo akomiti asankhe anthu awiri oti pa Khirisimasi, akapita kumudzi, akafufuze kumene amasiyewo ali, akawaone maso ndi maso. Mlembi, lembani kuti ine ndiyamba kusonkha lero.