Za Ulusi ndi Singano: Mau Onenedwa pa Msonkhano wa ku Chibavi

Tipempha makutu anu pa mrandu wa ana athu amene ayamba kuphunzira utelala m'makonde a muno m'Chibavi. Ambiri agula makina ndi ndalama za ngongole, koma pakuona ulusi ulikuduka tsiku ndi tsiku ataya mtima, nanena kuti makinawo ngakufa. Ena afika pakuwagulitsa motaya. Ife tinena kuti kawirikawiri colakwa ciri pa singano ndi ulusi, ndipo mwini akhoza kucikonza yekha wosalipira munthu.

Makina awa, kaya a Singer, amene Isaac Singer anayamba kupanga mu 1851, kaya a Butterfly ocokera ku China, asoka ndi ulusi wa mbali ziwiri: wa pamwamba wopita m'singano, ndi wa pansi wocokera m'bobini. Uyenera kukomana pakati peni peni pa nsaru, wina wosaposa mnzake mphamvu.

Coyamba: ulusi ukaunjikana pansi pa nsaru monga cisa ca mbalame, wophunzira athamangira kumasula shatulo, cikhalireco mrandu uli pa ulusi wa pamwamba. Aucotse wonse, akweze phazi lopondereza nsaru, naupisenso. Pakuti phazi likakhala pansi, timbale togwira ulusi titsekeka, ndipo ulusi sulowa pakati pake.

Caciwiri: msoko ukamalumpha, ndiye kuti singano yabuntha, yapindika, kapena yalowa motembenuka. Kangalande kake kakatali kayang'ane mbali imene ulusi ulowera, ndipo singano ikankhidwe kufikira pamwamba isanamangidwe.

Cacitatu: singano ilingane ndi nsaru. Nambala 11 nja nsaru yopyapyala, 14 nja citenje ndi malaya a sukulu, 16 kapena 18 nja jinzi. Boo laling'ono la singano lidula ulusi wonenepa. Ulusi wakale wopsa ndi dzuwa uduka wokha.

Cacinai: wosoka asakoke nsaru, pakuti mano a makina ndiwo aiyendetsa, kukoka kupinda singano, nigunda citsulo, nithyoka. Gudumu alizungulitse lirikudza kwa iye. Mafuta ophikira asalowe m'makina, cifukwa agwirana monga phula.

Mafumu athu, kaunjika walanda kale nchito yambiri ya matelala, ndipo mwana akaononga citenje ca mwini cogula pa msika wa Taifa, alipa ndalama nataya mbiri yake pamodzi. Cifukwa cake tipempha zinthu ziwiri: kuti mupemphe matelala akuru a m'dera lanu alandire ophunzira tsiku limodzi pa sabata, ndi kuti kholo lisalole mwana kugulitsa makina mmisiri wamkuru asanawaone ndi kusokapo yekha.

Tasiya mau awa m'manja mwanu kuti muwaweruze.