Zimene Magazi Amakumbukira

Kupima kacirombo ka korona kuli pawiri. Kathonje kolowetsa m'mphuno kamauza dokotala ngati kacirombo kali m'thupi lero. Magazi amaulula za kale, pakuti thupi likalimbana nako limasiya asilikali ake otchedwa ma antibodi, amene amaoneka patapita sabata imodzi kufikira zitatu.

M'caka ca 2020, ku Blantyre m'dziko la Malawi, anapima magazi a anchito a m'zipatala 500, onse osamva kudwala. Pafupifupi 12 mwa 100 alionse anapezeka kuti kacirombo kanawalowa kale. Taganizani, namwino wotere anali kusamalira odwala usana wonse, madzulo nabwerera kwa ana ake, iye osadziwa kanthu.