TISANATEME NDI KHASU, TIYAMBE TAONA TSAMBA



Mvula yagwa. Chimanga chamera, nyemba zamera, udzu nawonso wamera. Posachedwa tonse tilowa m'minda kukapalira. Lero tikambirane za kanthu kena kamene kamamera pamodzi ndi udzu. Kanthuko ndi kamtengo.

Ife a ku Angónia tikudziwa kumene mitengo yathu inapita. Nkhondo itatha mu 1992, ambiri a ife tinabwerako ku Dedza ndi ku Ntcheu kumene tinathawira. Tinamanga nyumba, tinatsegula minda, tinadula mitengo. Lero alipo amayi ku Dómue ndi kufupi ndi Ulóngue amene amaphikira zitsononkho ndi mapesi. Komatu chaka ndi chaka nthaka imatipatsa mbande zaulere. Ife timazitema ndi khasu chifukwa sitizidziwa.

Tiyambe ndi nyemba, popeza tonse timazidziwa. Nyemba ikamera imatulutsa timasamba tiwiri tonenepa. Amenewa si masamba enieni. Ndi kamba wa paulendo amene njere inanyamula. Tsamba la patatu lija limabwera pambuyo. Mitengo yambiri imachitanso chimodzimodzi. Choncho tisaweruze msanga. Tidikire tsamba lachitatu ndi lachinayi, ndiwo amene amanena dzina la mtengo.

Woyamba kuudziwa ukhale msangu. Ng'ombe ndi mbuzi zimadya zipatso zake zopotana zija, ndipo njere zimatuluka ndi ndowe. N'chifukwa chake msangu timaupeza pafupi ndi khola, m'njira ya ng'ombe, ndi m'munda mmene tinathira manyowa. Tsamba lake ndi la timasamba ting'onoting'ono tondandana ngati nthenga ya nkhuku, lotuwa pang'ono. Pamene tsamba lagwira tsinde pali minga iwiri yowongoka.

Apa tichenjere. Mthethe nawonso uli ndi masamba ngati nthenga. Kusiyana kuli pa minga. Minga ya mthethe ndi yokhota ngati chikhadabo cha kabawi, imakola malaya. Ya msangu imabaya koma siikola.

Kodi tikulimbikiranji za msangu? Mtengo umenewu umachita zosiyana ndi inzake. Mvula ikayamba, iwo umayoyola masamba. Chimanga cha pansi pake chimapeza dzuwa, ndipo masamba ogwawo amasanduka manyowa. M'chilimwe, inzake ili mbee, iwo umaphuka ndi kupatsa ziweto mthunzi ndi chakudya. Kambande kake kamaoneka kaulesi pokula, koma pansi kali pa ntchito, muzu ukupita kutali kukafuna madzi. Tikakazula kuti tikaokere pena, muzu uja umaduka. Ndi bwino kukasiya pomwepo, mzere n'kuupatutsa pang'ono.

Msuku suvuta. Tsamba lake ndi limodzi, lalikulu, lokhuthala, lotambalala kumapeto. Mbande zake zimamera pagulu, pamene ana kapena apusi anadyera masuku. Koma pali chinsinsi chimene tsamba silinena. Msuku ulipo wamwamuna ndi wamkazi, ndipo wobala ndi wamkazi yekha. Mbande zili zazing'ono sitingazisiyanitse. Tisasiye imodzi ayi. Tisiye zisanu kapena zisanu ndi imodzi, tidzasankhe zikadzayamba maluwa.

Mlombwa wapusitsa ambiri, ngakhale akuluakulu. Kamtengo kake kamauma pamwamba m'chilimwe, ife n'kumati kafa. Sikanafe. Muzu uli moyo, ndipo mvula ikabwera kamaphukanso. Kamachita zimenezi zaka zingapo kasanaimirire. Tikaona kamtengo kakuphuka pamalo omwe aja chaka ndi chaka, tikalambulire kuti moto wa tchire usakapeze.

Bulugamu tingomufikisa tsamba pa zala n'kununkhiza. Fungo limamuulula. Iyeyu m'munda wa chimanga ayi, m'dimba ndi pa chitsime ayi, chifukwa amamwa madzi ambiri. Malo ake ndi kumalire kapena pa phiri.

Tsono tikapeza kamtengo kamene tikufuna, tizike ndodo pambali pake, tiikepo miyala itatu. Tiuzenso ana ndi aganyu, chifukwa khasu la wolipidwa pa mzere limathamanga.

Pa phunziro likudzali, aliyense abwere ndi tsamba limodzi la kamtengo ka m'munda mwake. Athyole tsamba lokha, mbande aisiye. Tidzaliyala pa thebulo, agogo adzatiuza dzina lake, ndipo ife tidzalilemba pa bolodi: msangu, mthethe, msuku, mlombwa.